Wodandaula Kapena Wopempha? Mafilimu Aŵiri a Zanyengo pa Muyeso wa ku Chilwa

Mau akuti chilungamo kale adali a pa bwalo la mfumu ndi a pa guwa. Masiku ano aloŵa m'misonkhano ya alangizi, ndipo amene adakhalapo pa misonkhano yotere ku Zomba adamva za chilungamo pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Tsono mau akasamuka motere, kaŵirikaŵiri amafika ku mudzi watsopano atataya katundu wina panjira. M'nkhani ino ndifuna kufunsa ngati mafilimu aŵiri amene adabukitsa dzina la Malaŵi kunja pa nkhani imeneyi adasunga tanthauzo la mauwo. Yoyamba ndi The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, yokonzedwa ndi Chiwetel Ejiofor. Yachiŵiri ndi The Ants and the Grasshopper, ya 2021, yokonzedwa ndi Raj Patel ndi Zak Piper. Ndiŵayesa ndi muyeso wa ku Songani, pa mseu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, kumene phiri lili kuzambwe, chigwa cha Chilwa kuvuma, ndipo kukula kwa mulu wa matemba pa msika kumauza munthu za madzi a m'nyanja msanga kupambana wailesi.

Mbiri ya William Kamkwamba ambiri aidziŵa. Mnyamata wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, adalekeza sukulu ya sekondale posoŵa fizi pa nthaŵi ya njala ya 2001 mpaka 2002. Adayamba kuŵerenga mabuku a sayansi m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale, ndipo ali ndi zaka 14 adamanga makina oyendera mphepo ndi milongoti ya bulugama, zitsulo zotola kudzala ndiponso njinga yakutha ya bambo wake. Buku lake, limene adalemba pamodzi ndi Bryan Mealer, lidatuluka mu 2009. Ejiofor ayenera kuyamikidwa chifukwa adajambula filimuyo pa nthaka ya ku Kasungu komweko, nalola kuti anthu ake azilankhula Chicheŵa, ngakhale Chicheŵa cha oseŵera ena chimamveka ngati cha mmishonale amene wangotha miyezi itatu m'dziko muno. Njala adaijambula mosabisa. Banja likupangana kuti lidzidya kamodzi pa tsiku, anthu akupondana pa depoti ya chimanga, galu akufa: zimenezi wakuona saziiŵala.

Komatu pali chinthu chimodzi chimene adasintha. Makina oyamba a Kamkwamba adayatsa mababu ndi kuliza wailesi m'nyumba ya makolo ake. Madzi othirira adabwera patapita zaka, mbiri yake itamveka kunja ndipo anthu atamthandiza. M'filimu makinawo apopa madzi njala ili pachimake, munda ubiriŵira, mudzi upulumuka. Sindikudandaula kuti mbiri yakhotetsedwa, pakuti Aristotle adatiphunzitsa kale kuti wolemba seŵero ali ndi ufulu umene wolemba mbiri alibe. Chimene ndifunsa ndi phunziro limene kusinthako kumasiya mumtima mwa woonera wa ku London kapena ku New York. Iye amadzuka pa mpando ali wokhazikika mtima, poganiza kuti amphaŵi a ku Afrika ali ndi ana anzeru, ndipo mwana mmodzi wotere akapatsidwa buku ndi njinga, njala yatha. Palibe amene wamufunsa kanthu. Chonsecho m'filimu momwemo muli chigawo chimene chikadayenera kukhala msana wa nkhani yonse: mfumu ya deralo iimirira pa msonkhano wa mtsogoleri wa dziko, nipempha boma kuti lisatseke maso pa njala imene ikudza, ndipo alonda aitengera kuseri naimenya. Njala ya 2002 sidabwere ndi mitambo yokha. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chidagulitsidwa njala ili pakhomo. Mfumu ija idaloza kumene kudali mlandu. Filimu idaisiya ikubuula, nithamangira kwa mnyamata ndi makina ake.

Filimu yachiŵiri ndi yoona, yopanda oseŵera, ndipo ndiyo iyenera kutikhalitsa pansi. Mwini nkhani ndi mai Anita Chitaya a m'mudzi wa Bwabwa, pafupi ndi Ekwendeni m'boma la Mzimba, mlimi ndiponso mmodzi wa atsogoleri a m'midzi a bungwe la Soils, Food and Healthy Communities. Bungwelo lidayamba m'chaka cha 2000 pa chipatala cha Ekwendeni, pamene mai Esther Lupafya, namwino, ndi Rachel Bezner Kerr adaona kuti ana onyentchera amachira m'chipatala nkubwereranso pakapita miyezi pang'ono. Mankhwala ao adali nandolo, mtedza ndi soya zobzala pamodzi ndi chimanga, kukwirira mapesi m'malo moŵatentha, ndiponso masiku ophikira pamodzi pamene amuna amagwira mthiko akazi akuona. Adazindikira kuti mwana sanenepa ndi munda wokha ngati mai wake ndiye alima, atunga, atola nkhuni, aphika, pamene bambo agulitsa mtedza nakamwera moŵa.

Gawo la ku Bwabwa ndilo labwino koposa. Mai Chitaya afotokoza okha nkhani yao m'Chitumbuka, mosafulumira, ndipo kamera iŵatsata pamene akukambirana ndi mwamuna wina wapafupi amene aseka amuna otunga madzi. Samunyengerera, samutukwananso. Amuonetsa katundu amene mkazi wake asenza, namufunsa ngati nkoyenera. Apa mau aja akuti chilungamo ali ndi thupi: pali wolakwiridwa, pali wolakwa, onse aŵiri adziŵana maina, ndipo chofunika kusintha nchodziŵika. Amene adaphunzitsapo za Ukwati m'parishi adziŵa kuti kusuntha mwamuna mmodzi pa nkhani yotere ndi ntchito ya zaka.

Kenaka okonza filimu aŵakweza ndege mai Chitaya ndi mai Lupafya kupita ku America, kuti akakope anthu a kumeneko kuvomera kuti nyengo ikusinthadi. Ayenda m'minda ikuluikulu ya pakati pa dzikolo, afika ku Detroit ndi ku California kumene alimi akuda a m'mizinda aŵamvetsa msanga, mpaka ku Washington. Alimi ena aŵalandira mwaulemu, adya nao, koma akamva za nyengo ati zimenezi zakhala zikusinthasintha chiyambire, kapena ati zonse zili m'manja mwa Mulungu. Nkhope ya mai Chitaya pa nthaŵi zotere ndi chinthu chimene wolemba seŵero sakadatha kupeka. Ndiponso dzina la filimu lasankhidwa mochenjera. Mzungu akalimva akumbukira nthano ya Aesop ya nyerere zakhama ndi chiwala chaulesi chimene chidasoŵa chakudya m'nyengo yozizira. Ife tikalimva tiona zimene mwana aliyense adaonapo pa bwalo, nyerere zambirimbiri zikukoka chiwala kupita nacho ku una.

Nanga cholakwika nchiyani? Ndi mpando umene filimu yaŵapatsa maiwo. Yaŵaika ngati mlaliki wofuna kutembenuza osakhulupirira, ndipo pena ngati mlendo wopempha kuti amumvere chisoni. Funso limene likuyenda m'ulendo wonse ndi lakuti: kodi mukhulupirira? Tsono funso lotere limasiya mphamvu yonse m'manja mwa wofunsidwa. Akati inde, tiwomba m'manja kuti mtima wake wafeŵa. Akati iyai, tingoti nthaŵi yake sinakwane. Koma mai Chitaya sadapite kukagulitsa chiphunzitso. Mmalaŵi mmodzi amatulutsa mpweya wa kaboni wosafika ngakhale pa theka la theka la tani pa chaka, pamene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani opitirira 13. Amene munda wake wauma chifukwa cha utsi wa mnzake ndi wodandaula pa mlandu, ndipo wodandaula safunsa woimbidwa mlandu ngati akhulupirira.

Titsikire pa bwalo la mfumu iliyonse ya kwa Malemia kapena kwa Kuntumanji. Ng'ombe za munthu zikaloŵa m'munda wa mpunga wa mnzake, nduna zimapita kukaona pamene zadya, niziyerekeza matumba amene aonongeka. Mwini ng'ombe angathe kunena kuti sadazitume, kuti mbusa adagona, kuti iye adali ku maliro. Zonsezi bwalo limamva, ndipo zimachepetsa mkwiyo, koma sizichotsa dipo. Akabwera ndi thumba la mpunga nanena kuti wabweretsa chifukwa cha chifundo chake, akuluakulu amamubweza, popeza akufuna kusandutsa ngongole kuti ikhale mphatso, kuti wolakwiridwa agwade ndi kuthokoza. Chicheŵa chimasiyanitsa bwino kupatsa ndi kubweza. Thomas Aquinas Woyera, pa funso 62 la chigawo chachiŵiri cha gawo lachiŵiri la Summa Theologiae, adaika kubweza, kumene pa Chilatini amati restitutio, pansi pa chilungamo cha pakati pa munthu ndi mnzake, osati pansi pa ntchito zachifundo, naphunzitsa kuti wosunga cha mwini sangapulumuke akukana kuchibweza pamene angathe. Wansembe aliyense adaphunzira ku seminale kuti wakuba amene alira misozi m'kulapa koma mbuzi ikali m'khola mwake sanalape. Zakeyo sadangomva chisoni, adatchula chiŵerengero. Malemu Papa Francis, m'kalata yao Laudato si' ya 2015, adagwiritsa ntchito mau akuti ngongole pofotokoza zimene maiko olemera a kumpoto ali nazo kwa maiko osauka pa nkhani ya chilengedwe, ndipo ngongole si chinthu chimene wokongola amalipira akakhudzidwa mtima.

Wina adzati fanizo la ng'ombe silikwana, pakuti mlimi wa ku America amene mai Chitaya adadya naye si ndiye adaumitsa mtsinje wa ku Bwabwa, ndipo utsi ulibe chizindikiro cha mwini wake. Mau ameneŵa ali ndi nzeru, ndipo ndiwo aonetsa kufooka kwina kwa filimuyi: idapita nao maiwo pa khomo la munthu wamba, amene nayenso ali ndi ngongole za mathirakitala, m'malo mopita pa khomo la amene amalamula za malasha ndi mafuta. Koma kuchuluka kwa eni ng'ombe sikufafaniza mlandu. Khola likakhala la mudzi wonse, mudzi ndiwo usonkha. Kusadziŵanso kudatha kale. Maiko adasaina pangano la zanyengo ku Rio de Janeiro mu 1992, ndipo utsi wochuluka zedi watuluka chisainire.

Alipo anthu wamba ena amene adasankha njira ya bwalo. Mu 2019 ophunzira zamalamulo a pa University of the South Pacific ku Vanuatu, ana a zilumba zimene nyanja ikumeza, adayamba kukakamiza kuti nkhaniyi ifike ku khoti lalikulu la dziko lonse ku The Hague. Boma la Vanuatu lidaŵamvera, msonkhano waukulu wa United Nations udavomera mu March 2023, ndipo pa 23 July 2025 khotilo lidapereka maganizo ake akuti maiko ali ndi udindo wa lamulo woteteza nyengo, ndipo dziko lophwanya udindowo lingathe kufunsidwa kukonza ndi kulipira zimene laononga. Maganizo otere alibe apolisi oŵatsata, nzoona. Komabe ana a sukulu aja adachita chimene filimu yathu idalephera: adasintha funso. Akuluakulu adati mlandu suwola.

Za malipiro enieni, manambala alankhula okha. Thumba lolipirira zotayika ndi zoonongeka lidavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ndipo ku Dubai mu 2023 maiko adalonjeza kuponyamo madola pafupifupi 700 miliyoni, a dziko lonse lapansi. Chaka chomwecho, m'mwezi wa March, namondwe Freddy adapha kapena kusoŵetsa anthu opitirira 1,000 m'Malaŵi, nasiya opitirira 600,000 opanda pokhala, ndipo boma lidaŵerengera kuti kukonzanso kudzafuna madola 680 miliyoni. Ndiye kuti thumba la dziko lonse lidalingana ndi bala limodzi la dziko limodzi laling'ono. America idatuluka m'komiti yoyendetsa thumbalo mu 2025. Scotland, dziko losakula, ndilo lidayamba kutchula ndalama zotere ndi dzina lake ku Glasgow mu 2021, mapaundi 2 miliyoni, ndipo zina zidafika kuno kudzera ku bungwe la Akatolika la SCIAF. Ndalamazo nzochepa, koma dzina limene adazitcha ndilo lofunika.

Tsopano tibwere ku Chilwa, chifukwa nyanja imeneyi imavuta aliyense wofuna nkhani yosalala. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo moyo wake uli pa mvula yogwa m'mapiri a Zomba, Mulanje ndi Chikala, yotsika ndi mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi ina. David Livingstone adaiona mu April 1859, naitcha Shirwa. Idauma mu 1968, anthu nkumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi. Idaumanso mu 1995. Idaphwa kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Buku la Margaret Kalk ndi anzake la 1979 lidasonyeza kuti kuphwa ndi kudzaza ndiko khalidwe lake kuyambira kale. Motero mlimi uja wa ku America wonena kuti nyengo yakhala ikusinthasintha chiyambire, akadafika ku Kachulu akadapeza nkhalamba zomuvomereza. Wodandaula wanzeru sawonjeza mlandu, chifukwa bodza limodzi limagwetsa ndi zoona zomwe. Sitinganene kuti kuuma kulikonse kwa Chilwa ndi utsi wa kunja. Chimene tinganene ndi chakuti kutentha kukakwera, nyanja yosaya imataya madzi msanga, ndiponso kuti anamondwe akubwera ndi mvula yoopsa kuposa kale: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Akatswiri a World Weather Attribution adapeza mu 2022 kuti kutentha kwa dziko kudakulitsa mvula ya anamondwe a chaka chimenecho ku Madagascar, Mozambique ndi Malaŵi.

Mbali ina ya mlandu ili pakhomo pathu. Aliyense woima pa Songani m'mamaŵa amaona njinga zotsika ndi matumba a makala, ndipo akakweza maso aona mabala a dazi pa mapiri a Zomba ndi Malosa. Dothi lokokoloka kumeneko limakathera m'nyanja, niikwirira pang'onopang'ono. Minda yafika m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, ndipo masikimu a mpunga a Domasi ndi Likangala amapatutsa madzi amene akadafika ku nyanja. Mafilimu onse aŵiri akhudza pang'ono za mitengo, koma palibe imene yafunsa kuti makalawo akudya ndani. Wootcha makala sawotha makala ake. Ogula ndi a m'tauni, a malipiro a pamwezi, amene magetsi akazima amayatsa mbaula. Namondwe Ana ataphwanya damu la Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130 kwa nthaŵi yopitirira chaka, ndipo kuzima kulikonse kudali kugwa kwa mitengo kwinakwake. Utsi wa kutali ndi nkhwangwa ya pafupi zidakumana pamenepo.

Chimene chindiŵaŵa koposa ndi chakuti anthu a ku Chilwa ali ndi mbiri ya kudziteteza imene palibe kamera idaitsata. Nyanja itauma mu 1995, matemba, makumba ndi milamba yotsala idathaŵira m'maiŵe a m'mitsinje ndi m'madambo a njedza. M'chaka cha njala chotere, chapafupi chidali kuthira katupe m'maiŵemo ndi kutola nsomba zonse tsiku limodzi. Mafumu, asodzi ndi alangizi a zansomba adapangana zoletsa, nakhazikitsa makomiti olonda maiŵewo, kuti madzi akadzabwerera mbeu idzapezeke. Madzi adabwereradi, nsomba zidaswana, ndipo lamulo la zansomba la 1997 lidatsegula khomo loti anthu a m'madoko azitenga nao mbali poyang'anira nyanja. Osaka mbalame za m'dambo nawonso adadzapanga magulu ao, napatula malo ena oti mbalame ziziswana osasokonezedwa. Makomitiŵa sadali a angelo. Madandaulo a ziphuphu ndi kukondera adamveka, ndipo makoka oletsedwa amaloŵabe usiku. Koma taganizani za msodzi amene ana ake agona ndi njala, nsomba akuziona m'dziŵe, iye nkuzisiya chifukwa cha chaka chimene sadziŵa ngati adzachiona. Pa maphunziro a zamakhalidwe timati kudziletsa ndi kuchenjera. Iye adachita zonse ziŵiri popanda dzina lake kulembedwa paliponse. Nkhani yotere ilibe ngwazi imodzi yoti nkuika pa chikuto, ndipo ndikhulupirira nchifukwa chake siikopa okonza mafilimu.

Kunja, pa nkhani zimenezi, amakonda kulankhula za mitundu ya eni nthaka, monga Amaasai kapena anthu a m'nkhalango ya Amazon, amene maboma ndi makampani aŵalanda malo a makolo ao. Mau ameneŵa sakhala bwino pa Chilwa. Kuno kuli Anyanja, kuli Ayao amene adafika m'zaka za m'ma 1800, kuli Alomwe amene adaoloka kuchokera ku Mozambique pambuyo pake, kuli ndi asodzi obwera ndi kupita monga madzi achitira, ogona m'zimboŵera pakati pa nyanja. Tikayamba kufunsa kuti mwini nthaka weniweni ndani, tiyatsa moto wosazimitsika. Mwambo wathu udali ndi njira ina. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene adafufuza za Mbona wa ku Khulubvi, adasonyeza m'buku la Guardians of the Land la 1979 kuti zipembedzo za mvula zinkamanga onse okhala m'dera limodzi, mosayang'ana mtundu, ndiponso kuti chilala chinkaŵerengedwa ngati chizindikiro chakuti pakati pa anthu pali cholakwa, makamaka pakati pa olamula. Makolo athu sankadziŵa za kaboni, ndipo sindikuti tibwerere kukathira nsembe pansi pa mtengo. Koma maganizo akuti mvula ikasokonekera pafunika kufunsa amene ali ndi mphamvu, si ochokera ku Glasgow. Mfumu yomenyedwa ya m'filimu ya Ejiofor idaima pa mwambo umenewu.

Za mphamvu zosaononga chilengedwe, Chilwa ali ndi zake zooneka. Kuyambira 2010, ntchito ya Lake Chilwa Basin Climate Change Adaptation Programme, yoyendetsedwa ndi a LEAD a ku Chancellor College, a WorldFish ndi a kafukufuku wa zankhalango, ndi ndalama za ku Norway, idathandiza magulu a amai a m'madoko monga Kachulu kumanga nyumba za pulasitiki zoyanikiramo matemba pa dzuŵa, ndi mauvuni owambira milamba ndi nkhuni zochepa. Matemba oyanika pa thandala m'nyumba yotere alibe mchenga, ntchentche siziŵafika, mvula ikagwa saola, ndipo pa msika amagulidwa bwino. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya Kamkwamba, kungoti ilibe mapiko ozungulira ojambulika bwino, ndipo funso lake lalikulu limadza alendo atapita: pulasitiki ikang'ambika, asonkhe ndani? Pamenepo mpamene gulu limaoneka ngati lidali gulu kapena lidali mzere wolandira zinthu.

Chitetezo mbaula, ya dothi, youmbidwa ndi amai m'midzi, nayonso ndi chinthu chabwino. Imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, imachepetsa utsi m'maso ndi m'chifuwa, ndipo boma la mai Joyce Banda lidaika cholinga cha mbaula zotere 2 miliyoni pofika 2020. Ndilibe nayo mlandu mbaulayo. Mlandu wanga uli ndi ulaliki umene nthaŵi zina umaiperekeza, wouza mai wa ku Songani kuti asinthe kaphikidwe kake kuti apulumutse dziko lapansi. Kumeneku ndi kupereka chindapusa kwa munthu amene sadachimwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, inde, ndipo amai athu atsekuladi. Koma tisaiŵale amene adaphika chakudya chotsegula m'mimbacho. Ndiponso pali malonda amene ambiri oumba ndi ophikira mbaulazi saŵamvetsa. Nkhuni zimene mai sadatenthe zimaŵerengedwa kukhala matani a mpweya wosatuluka, matani amenewo amalembedwa pa chikalata, ndipo chikalatacho chimagulitsidwa kwa kampani ya kunja kuti iyo ipitirize kutulutsa utsi wake niidzitcha yoyera. Laudato si' idachenjeza kuti malonda otere angathe kukhala njira yozembera kusintha kwenikweni. Ife a Mpingo, amene mbiri yathu ili ndi chaka cha 1517 ndi mkangano wa zikalata za chikhululukiro, tiyenera kukhala oyamba kununkhiza pamene kudziletsa kwa wosauka kukugulitsidwa kuti wolemera asalape.

Sindikuti malondawo aletsedwe, pakuti ndalama zake zathandiza kuti mbaula ndi nyale za dzuŵa zifike kumene sizikadafika. Koma ngati utsi wosatuluka uli katundu wogulitsika, mwini katunduyo ndi mai amene adaumba, naotcha, naphikira. Iye ayenera kudziŵa dzina la kampani imene yagula, mtengo wa tani imodzi, ndi makwacha angati mwa amenewo abwerera m'mudzi. Makomiti a Chilungamo ndi Mtendere a m'maparishi ozungulira nyanja, pamodzi ndi mashehe a m'mizikiti, popeza ku Songani Asilamu ndi ochuluka ndipo mbaula siifunsa chipembedzo, angathe kupempha kuti mapepala a mgwirizano uliwonse wotere aziŵerengedwa pa bwalo, m'Chicheŵa ndi m'Chiyao, mfumu ili pomwepo, munthu asanadinde chala.